Atatu Timamwa M'nyumba Muno

Juni wa ku Rosettenville sabwera ndi mvula.
Amabwera ndi thambo loyera mbee,
udzu wa m'mbali mwa msewu uli gwa,
ndipo m'mawa galimoto ya eni nyumba
imadzuka itadzola chisanu pagalasi.

Ndinagula hita ya mipiringidzo iwiri
pasitolo ya pakona.
Umodzi unapsa sabata yomweyo.
Wotsalawo umafiira usiku wonse
ngati diso la munthu wangongole,
kumeza mayunitsi anga osatafuna.

Munafunda, inde, ndisaname.
Zala zanga zinakumbukira singano,
makina osokera anayambanso kulongolola.
Koma palibe anandiuza
kuti moto wopanda utsiwu uli ndi mlendo wake
amene amalowa osaodira.

Anayamba ndi buledi.
Ndamusiya patebulo madzulo, m'mawa ndapeza thabwa.
Sopo wa pazenera anang'ambika ngati chidendene.
Chitseko cha kabati, chija chinkalimba mu Januwale,
chinaonda, n'kumangotseguka chokha.
Ulusi kuduka popanda mlandu.
Nsalu ya diresi la mwini wake kundikakamira m'manja,
ndikati ndigwire loko, thethe!
kamphezi kandiluma chala.
Tiyese ankaseka.
Ankati m'bulangete mwathu muli nyenyezi,
n'kumalikoka dala mumdima kuti aziwerenge.

Lachitatu m'bandakucha
anadzuka ndi kamfuno.
Madontho asanu ndi limodzi papilo, ndinawerenga,
milomo yake itang'aluka
ngati matope a padambo mu Okutobala.

Mme Mokgadi wa chipinda chakumapeto,
amene amakolopa kuchipatala usiku,
anaima pakhomo asanavule n'chipewa chomwe.
Anakoka mpweya kamodzi, n'kutsokomola.
Anati, mphepo yachisanu kuno ndi mmphawi,
imalowa m'nyumba ilibe ndi dontho lomwe m'thumba.
Iwe ukaitenthetsa imakula mimba,
imafuna chakumwa,
ikasowa imamwa m'mphuno mwa mwana.
Anatero n'kupita kukagona.

Ndinatulutsa zingwe ndi mabatani m'beseni lobiriwira,
ndinathiramo madzi, n'kuliika chapatali pang'ono ndi hita.
Thaulo lonyowa pampando,
osati pamoto, anachita kubwereza kawiri.
Ndi choko changa chodulira nsalu
ndinalemba mzere pomwe madzi alekeza.

Kutacha anali atatsika.
Palibe mphaka muno.
Palibe pobooka, ndinayang'ana pansi pake.
Thaulo lauma kuti gwa, likuima lokha.

A Likongwe a m'chipinda chapamwamba amandiseka.
Iwo amayatsa ya palafini,
mazenera awo amalira misozi mpaka pakhoma,
nkhungu yamera kuseri kwa bedi,
jekete lawo la kutchalitchi likununkha chinyontho.
Kwawo kwachuluka, kwanga kwasowa,
tikakumana pamasitepe
tonse timayamba ndi kutsokomola, moni pambuyo.

Magetsi akathima, nkhani imatha yokha.
Timavala masokosi awiriawiri,
mpweya wa m'kamwa mwathu n'kumaoneka,
kautsi koyera kokwera kudenga,
ndipo ndimati: kodi madzi onsewa anali mwa ine?
Zaka zinayi mumzinda uno
ndikutuluka pang'onopang'ono chonchi
osaona mzere wa choko.

Tiyese wagona, mafuta ali phathi pamilomo.
Papilo palibe dontho, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.
Mvula akuti mwina mu Okutobala.
Ndatsala ndi mipendero itatu ya mathalauza
ndi mayunitsi khumi ndi anayi.

Ndisanazimitse nyale ndimatunga makapu:
yanga,
ya mwana,
kenako jagi yonse ya m'beseni,
poti m'nyumba muno timamwa atatu
ndipo wachitatuyo salipira lendi.